Chifukwa Chake Nadia Sanakwere Ndege

Falls Church, Virginia
8 Novembala 2009

Okondedwa achemwali anga a Ashura,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Liwonde, inu pamodzi ndi alamu a Idi ndi ana onse. Ine kuno ndilipo, kungoti msana wayamba kuvuta ndikakhalitsa pa chiwongolero. Kuzizira kwafika, masamba ayoyoka m'mitengo monse, ndipo dzuwa likumalowa anthu tisanaweruke kuntchito.

Kalata yanu inandipeza mwezi watha, ndipo ndaiwerenga kangapo. Ndikanatha kukuimbirani foni monga mwa masiku onse, koma pa foni inu mumalankhula, ine n'kumangoti "eya, eya" mpaka khadi kutha. Ndiye ndasankha kulemba. Chonde muwerenge nokha, musapatse mwana kuti akuwerengereni ngakhale maso akuvuteni. Mufike kumapeto musanakwiye.

Mwalemba kuti munapita kwa amalume a Wahab kukawapempha, monga ankhoswe, kuti athetse ukwati wanga ndi Nadia. Mwati zaka zisanu ndi chimodzi zakwana, ndipo mkazi amene anakana kutsatira mwamuna wake ku America si woti n'kumudikiranso. Mwatinso mwezi uliwonse amavala bwino n'kukwera minibasi ya ku Zomba, amati akukagula nsalu za ku shopu yake yosokera, koma amabwerako ndi kachikwama kam'manja kokha, moti Liwonde yense akudziwa kuti kuli mwamuna kumeneko. Mwandipezeranso mtsikana wa ku Ntaja, wofatsa, wopemphera. Zikomo pondiganizira, ndikudziwa kuti mwachita izi chifukwa chondikonda. Koma achemwali, auzeni amalume asachite kanthu. Nadia sanakane kubwera kuno. Bodza limenelo ndinalipeka ndine.

Mukukumbukira 2003, nditawina lotale ya girini khadi, mmene malemu mayi anabwerera akululutira mpaka pa sukulu imene ndinkaphunzitsa. Tinapita ku Lilongwe tonse atatu, ine, Nadia ndi Ilham ali kumsana, nthawi imeneyo ali ndi zaka ziwiri. Asanakupatse viza yodzakhala kuno, a ku ofesi ya kazembe wa America amayamba akutumiza kwa dokotala amene iwo anasankha kuti akakuyeze chifuwa ndi magazi. Ife tinkangoti ndi mwambo chabe. Patapita masiku atatu tinabwerera kukamva zotsatira. Dokotalayo anatilowetsa, natseka chitseko, n'kufunsa Nadia ngati akufuna kuti ine ndidikire panja. Nadia anaseka.

"Adikire panja chifukwa chiyani? Ndi amuna anga awa."

Ndiye dokotala ananena. Ine ndinalibe kachilombo ka Edzi. Nadia anali nako. Ilham anamuyezanso chifukwa cha mayi ake, ndipo Mulungu anamuteteza, alibe.

Mwina simukudziwa, chifukwa nanenso sindinkadziwa mpaka tsiku limenelo: lamulo la kuno silimalola munthu wa kachilombo kulowa m'dziko muno, kaya kudzacheza kaya kudzakhala, pokhapokha atapempha chilolezo chapadera. Anatiuza kuti tikhoza kupempha, koma pafunika dokotala wa ku America wovomera kudzamusamalira, pafunikanso inshuwalansi ya chipatala, ndipo zonsezo zipezeke Seputembala asanathe, chifukwa mwayi wa lotale umathera pamenepo. Unali kale mwezi wa Julaye. Ine mphunzitsi wa sitandade sikisi ku Liwonde, dokotala wa ku America ndikanamudziwira kuti?

Titatuluka tinakhala pa kakhoma panja pa chipatalacho, mwana akudya mandasi. Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinamugwira dzanja mkazi wanga. Sindinatero. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti, "Unakatenga kuti?"

Anandiyang'ana, nati, "Munandipeza ndili wamasiye, bambo a Ilham. Malemu a Jafali anamwalira akutsokomola, atawonda, ndipo inu munabwera kumaliro kwawo. Mukufuna ndikuuzeninso chiyani?"

Mu basi yobwerera ndi mmene tinapangana. Iye ndi amene anati ndipite ndekha, ndikatsegule njira, iye ndi mwana adzanditsatira. Ndinavomera mofulumira kwambiri, achemwali, ndipo iye anakuona kufulumirako. Anapempha kuti tisauze munthu aliyense za matendawo. Mukudziwa mmene zinalili masiku amenewo. Anthu akanasiya kumubweretsera nsalu, ndipo ana anzake a Ilham akanaletsedwa kusewera naye. Ndinafunsa kuti nanga abale tiwauza chiyani. Iye anati tinene kuti mapepala ake achedwa. Ine ndinati ayi, anthu adzafunsa kuti achedwa bwanji poti tinapita limodzi, kuli bwino tinene kuti wakana yekha, sakufuna kusiya mayi ake okalamba. Anangoti, "Chabwino," n'kutembenukira pa windo. Pa mabodza awiriwo ndinasankha limene ine ndikanaoneka nalo bwino. Mayi akewo anamwalira chaka chotsatira, chifukwa chija n'kutha, koma dzina loti anakana mwamuna linamutsalira. Ndikuuzeninso ichi, chimene sindinauzepo munthu: ndege itanyamuka ku Lilongwe, ndinamva mtima kupepuka. Ndinachita mantha ndi matendawo, ndipo ndinakondwa kuti ndikupita kutali nawo.

Za ku Zomba zili chonchi. Ma ARV aulere atayamba kupezeka, Nadia anakalembetsa kumeneko osati pa chipatala chapafupi, chifukwa chapafupipo aliyense wodutsa amaona amene ali pa mzere. Ulendo wa mwezi ndi mwezi uja ndi umenewo. M'kachikwama muja mumakhala mabotolo a mapilitsi. Amavala bwino chifukwa akuti safuna kukafika kuchipatala akuoneka ngati munthu wogonja. Sanadumphitsepo tsiku ngakhale limodzi, ndipo inu nomwe mukuona kuti ali ndi thupi kuposa ambiri a ife.

Ine kuno sindinangokhala, ngakhale ntchito yake sioneka. Chaka cha 2004 ndinapeza loya, mayi wina wa ku Ethiopia amene ali ndi ofesi ku Arlington, ndipo tinapereka mapepala oitanitsa Nadia ndi Ilham. Anandiuza kuti mkazi wa munthu wa girini khadi amadikira pa mzere zaka zinayi kapena zisanu, ndipo nkhani ya magazi imabwera mzerewo ukatha. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pamalo oimikapo magalimoto. Ndi kumene ndinadziwana ndi a Mulenga, bambo wa ku Zambia amene amagwira ntchito za umoyo pa banki ina yaikulu mu Washington. Anandimva ndikulankhula Chichewa pa foni, anatsitsa galasi n'kundipatsa moni m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. Patapita miyezi ndinawauza zonse, ndipo mpaka lero mwa anzanga a kuno ndi iwo okha amene akudziwa. Ndi iwo anandilangiza kuti ndifune ntchito yokhala ndi inshuwalansi, ndiye ndinalowa pa hotela ina, kumene ndimayendetsa kabasi konyamula alendo kupita ndi kuchokera ku bwalo la ndege. Tsiku lililonse ndimanyamula zikwama za anthu amene angotsika kumene, ena akukumbatirana ndi akazi awo mpaka m'kabasi momwe. Loweruka ndimadula nyama ya halali pa butchala ina ku Seven Corners.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira. Munalemba kuti m'banja mwanga mwalowa munthu wachitatu. Zoona analowa, koma sanalowere ku Zomba. Chaka cha 2005 ndinadziwana ndi mayi wina dzina lake Tiya, wa kwathu konko, amene ankakhala ku Hyattsville. Ndinamuuza kuti ine ndi mkazi wanga tinasiyana. Tinayenda miyezi isanu ndi itatu. Iye ndi amene anathetsa, atapeza makalata a loya m'galimoto mwanga. Sindikupereka chifukwa chilichonse. Kusungulumwa kunalipo, koma Nadia nayenso anali yekha.

Mukukumbukira nditabwera mu 2007 pa sadaka ya masiku makumi anayi ya mayi. Azimayi munali kuseri kophikira, ife azibambo tili pa mkeka ndi ashehe. Nadia anagwira mthiko kuti avundule mpunga, inu n'kumulanda, n'kunena mokweza kuti, "Siyani mlamu, tiphika tokha, mungachedwe minibasi ya ku Zomba." Azimayi onse anaseka. Ndinamva, achemwali. Mawu anu samasowa. Ndinaweramitsa mutu ngati ndikutsatira duwa, pemphero la ashehe, ndipo sindinadzuke. Nadia anasamba m'manja, nakakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mwana wake mpaka anthu onse atadya.

Madzulo a tsiku lomwelo, tikuyenda kubwerera kunyumba, ndinamuuza za Tiya. Sindikudziwa chifukwa chake ndinasankha tsiku limenelo, mwina ndinkafuna andikalipire kuti ndipepukidwe. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munkadziteteza?"

Ndinati eya.

"Mukabwerera mukayezetsebe. Nyumba ino isakhale ndi odwala awiri. Ilham akufunika wina woti adzatsale naye."

Ndinakayezetsa, ndipo ndili bwino. Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka lero.

Mu Julaye 2008 tinamva kuti aphungu a kuno achotsa lamulo lija. Ndinamuimbira Nadia nthawi yomweyo. Ndinasamuka m'chipinda chimene ndinkakhala ndi anzanga, n'kupeza nyumba ya zipinda ziwiri kuno ku Falls Church, pafupi ndi mzikiti ndi sukulu. Ndinagula bedi la mwana ndi majekete awiri a nthawi yozizira. Nadia anagulitsa makina ake amodzi osokera. Patatha milungu itatu loya anandiitana n'kundifotokozera kuti lamulolo lachotsedwa m'buku limodzi koma likadali m'buku lina, la unduna wa zaumoyo, ndipo mpaka a kumeneko atalifufuta palibe chimene chasintha. Ndinafunsa kuti afufuta liti. Anatambasula manja. Jekete la Ilham ndinakalipereka ku mzikiti chaka chino, chifukwa sangalivalenso, wakula.

Loya yemweyo anati ndikakhala nzika ya kuno mzere ufupika. Mu Febuluwale chaka chino ndinakalumbira. Izinso sindinakuuzeni. Dziko lathu silimalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndiye pasipoti yanga ya Malawi inathera pomwepo. Anzanga amene ndinalumbira nawo ankajambulitsa zithunzi ndi timbendera m'manja. Ine ndinabwerera kuntchito, chifukwa kunali alendo ofunika kuwatenga ikamakwana 2 koloko. Ndikadzabwera kumudzi adzandidindira masiku makumi atatu ngati mlendo.

Mu Juni a ku ofesi ya kazembe anamuitana Nadia ku Lilongwe. Inu anakuuzani kuti akupita kukaona msuweni wake wodwala. Anamutenganso magazi, munthu amene wakhala akumwa mankhwala zaka zisanu, kuti amuuze zimene akudziwa kale. Kenako tinayamba kupempha chilolezo chapadera chija. Ndinayenda kwa madokotala atatu ndi fomu m'manja, kulikonse n'kumafotokoza za m'thupi mwa mkazi wanga kwa munthu wa pa kauntala, odwala ena akumvetsera. Wachitatu anasaina. Koma a inshuwalansi analemba kuti matenda amene munthu wabwera nawo kale sawalipirira mpaka patatha chaka, ndipo chifukwa cha kalata imeneyo mapepala athu anabwezedwa mu Ogasiti kuti ndi osakwanira. Tsiku limenelo ndinakhala m'kabasi kanga pa bwalo la ndege, alendo atakwera kale, ine osaliza injini, mpaka bambo wina anandigwira paphewa n'kufunsa ngati ndili bwino.

Ndiye Lachisanu la sabata yatha ija, pa 30 Okutobala, ndikukonzekera kupita ku mzikiti kukaswali Juma, a Mulenga anaimba.

"Mudala, uli pa msewu? Imika motoka."

Ndinaimika.

"Bachosa lamulo lija! Manje ni zoona, bafaka na siku. Kuyambira pa 4 Januwale kulibe kupima magazi, kulibe fomu, kulibe chilichonse. Wamvela? Bakazi bako babwela!"

Iwo ankafuula ndi chimwemwe, ine ndinangoti zikomo. Ndinadikira kuti chimwemwe chibwere, koma chimene chinabwera ndi tulo. Ndinkangofuna kugona pomwepo pa chiwongolero. Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zatha ndi munthu kusaina pepala limodzi, limene likanatha kusainidwa Ilham akadali kumsana. Loya watsimikiza kuti ulendo uno ndi zoona. Akuti tingodikira tsikulo lidutse, mapepala ena onse ali kale m'malo.

Loweruka m'mawa ndinamuimbira Nadia. Ndinamva makina akulira, kenako anaima.

"Amake Ilham, mwamva? Lamulo lija latha. Januwale yemweyu mukhoza kubwera."



"Ndamva," anatero. "Chaka chatha munanenanso chomwecho, ine n'kugulitsa makina."

Ndinamufotokozera zonse, za tsiku, za loya. Anamvetsera. Kenako analankhula mawu amene ndawalemba pano monga anawanenera, chifukwa sakuchoka m'mutu mwanga.

"Bambo a Ilham, ine ndinazolowera. Ndili ndi shopu, ndili ndi atsikana atatu amene ndikuwaphunzitsa kusoka. Ku Zomba madokotala amandidziwa dzina, ndipo amayi amene angoyamba kumene mankhwala amawakhazika pafupi ndi ine kuti aone kuti munthu amakhala ndi moyo. Kumeneko ndikakhala ndani? Sindikunena kuti sindibwera. Sindikudziwa. Koma chimodzi ndikudziwa, sindichoka ku Liwonde ndi dzina la mkazi woyendayenda. Achemwali anu apita kwa amalume, mwamva? Dzulo Ilham wabwera kuchokera kusukulu akulira, mnzake wamuuza kuti mayi ako ali ndi chibwenzi ku Zomba. Ine ndatopa kusenza bodza lanu. Auzeni achemwali anu zoona, zanga ndi zanu zomwe. Muwauze ndinu, osati ine. Mukatero mubwere, tidzakambirane maso ndi maso."

N'chifukwa chake ndalemba. Sabata yonseyi ndakhala ndikuyamba kalatayi n'kuing'amba. Ndikanakonda kunena kuti ndalemba chifukwa cha kulimba mtima, koma mwaona nokha kuti ndachita kutumidwa.

Sindikukuimbani mlandu, achemwali. Munaweruza ndi zimene ine ndinakupatsani. Munandilera bambo atamwalira, munasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo mukaona ngati munthu akundinyoza simugona, ndikudziwa. Koma munthu amene mwakhala mukumulanda mthiko uja ndi amene anandisungira ulemu zaka zonsezi. Akanatha kungonena mawu awiri pa sadaka paja, ine n'kusowa poyang'ana.

Ndili ndi zopempha, mundipirire. Za matendawa zikhale pakati pa inu ndi iye. Wavomera kuti mudziwe inu nokha, ena adzawauza mwini wake akadzafuna. Kwa amalume mungonena kuti Ridwan wakana, ukwati wake ulipo, ndipo za ku Zomba wazifufuza, ndi zabodza. Zanga za ku Hyattsville mukhoza kuwauza ngati mukuona kuti n'kofunika, sindikuletsani. Kwa makolo a mtsikana wa ku Ntaja mukapepese m'dzina langa. Ndipo musayambe kumupatulira kapu kapena mbale, chonde. Mwakhala mukudya naye limodzi kuyambira tsiku la ndowa yathu, pamene ashehe anatimangira ukwati, ndipo simunadwale.

Ndapempha tchuthi cha milungu itatu kuntchito, ndifika pakati pa Januwale, Insha Allah. Sindikudziwa ngati ndidzabwerere kuno ndi anthu awiri kapena ndekha. Akadzakana sindidzamukakamiza, ndipo pamenepo ndidzayenera kuganiza chochita ndi moyo wanga, munthu wa zaka makumi anayi ndi ziwiri wokhala ndi pasipoti ya eni ake. Lero sindingathe kuganiza zimenezo. Ndatopa, achemwali, kutopa kwake kosatha ndi kugona.

Ndikufuna kumugulira Ilham nsapato, koma sindikudziwa saizi ya phazi lake. Pa foni amandiyankha mwaulemu ngati akulankhula ndi ahedi, ndiye ndimachita manyazi kumufunsa. Ngati mukusowa poyambira, pitani kunyumbako mukanene kuti ndakutumani kudzayeza phazi la mwana. Mumuimike pa pepala, muzungulize ndi pensulo, munditumizire. Mupite nokha, musatenge munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Idi, muwauze kuti mankhwala a maondo aja ndidzabwera nawo. Moni kwa amalume a Wahab ndi azakhali, kwa ana anu onse mmodzimmodzi, ndi kwa ashehe, muwapemphe azindikumbukira pa duwa. Ilham mumuuze kuti bambo ake akubwera, ndipo mayi ake sanalakwe chilichonse. Amve zimenezi kuchokera pakamwa panu, chifukwa kwa ine angoti eya.

Kwa Nadia musapereke moni wanga. Wanga wakhala akuulandira pa foni zaka zisanu ndi chimodzi. Mukamupatse wanu.

Ndine mlongo wanu,
Ridwan